Kufufuza Tisanaphunzitse: Zimene Wophunzira Wathu Anapeza ku Minda ya Tiyi

Mawu Oyamba

Pa ntchito zonse zimene mphunzitsi amagwira, ilipo imodzi imene ana saiona, ndiyo kukonzekera. Ambiri a ife tikamva mawu ameneŵa timaganiza za kutsegula buku la mphunzitsi, kukopera mfundo zake m'kope, ndi kulemba ndondomeko ya phunziro. Zimenezi n'zofunika ndithu. Koma ilipo mitu ina imene buku limangoikhudza pamwamba, pamene ana amene akhala patsogolo pathu amaidziŵa bwino chifukwa ndiyo moyo wa makolo awo. Mutu wa ulimi wa tiyi m'maboma a Mulanje ndi Thyolo ndi umodzi mwa mitu yotere.

M'nkhani ino ndifotokoza zimene zinachitikira mmodzi wa ophunzira athu pamene anali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa, kuyambira Januwale mpaka Malichi 2024. Wandilola kuti ndilembe, malinga ndisatchule dzina lake, la sukulu, kapena la esiteti imene sukuluyo yayandikana nayo. Ndinamuyendera kaŵiri, ndipo ndinaŵerenga kope limene ankalembamo zonse zimene anali kumva ndi kuona. Ndikukhulupirira kuti inu amene mudzatumizidwe ku masukulu posachedwapa mutolapo kanthu, ngakhale mudzapite ku dera la fodya, la nzimbe, kapena la usodzi.

Funso la Mwana

Wophunzira wathuyu ndi mtsikana wa ku Dowa, wokulira pakati pa minda ya fodya. Tiyi ankangomudziŵa wa m'paketi. Anamutumiza ku sukulu ina ya m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo anamupatsa Sitandade 7. Sabata lachitatu anafika pa mutu wa mbewu zogulitsa m'phunziro la Social Studies. Analemba pa bolodi mfundo ziŵiri monga momwe anazikonzera: kuti tiyi amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, ndiponso kuti amapatsa anthu ambiri ntchito.

Ana ali mkati mokopera, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi," anatero, "ndalama zakunjazo amalandira ndani? Amayi anga amathyola tiyi tsiku lililonse, koma sindinaziwonepo."

Kalasi yonse inaseka. Mphunzitsiyo anasoŵa chonena, ndipo anayankha monga momwe ambiri a ife tinayankhirapo nthaŵi ina: "Khala pansi, zimenezo sizili m'phunziro la lero." Mwanayo anakhala pansi. Koma m'kope lake mphunzitsiyo analemba usiku womwewo kuti funsolo linali la phunziro lomwelo, ndipo amene sanakonzekere anali iye. Anatsimikiza mtima kuti adzabwereza mutuwo pakutha kwa chigawo, atayamba wafufuza.

Kuyamba Molakwa

Changu chinamupweteka. Tsiku lotsatira anagaŵira ana mapepala a mafunso oti akafunse makolo awo: dzina la kholo, chigawo cha munda chimene amagwirako, dzina la kapitawo, ndalama zimene amalandira, ndi madandaulo amene ali nawo. Loŵeruka anapita yekha pa chipata cha fakitale wopanda kalata iliyonse, ndipo alonda anamubweza.

Lolemba m'maŵa, belu lisanalire, anapeza mayi wina akumudikira pa khonde la kalasi, pepala lili m'manja. Atapatsana moni, mayiyo anati: "Aphunzitsi, ndabwera ndi pepala lanu. Mwana wanga mwamutuma kuti alembe dzina langa, la akapitawo athu, ndi madandaulo anga. Kodi pepalali likupita kuti? Ine amandilemba nyengo ya dzinja yokha. Mvula ikatha amatipumitsa, ndipo Disembala akafika amasankha oti abwerere. Mukufuna kuti chaka chamaŵa ndidzadye chiyani?"

Mphunzitsiyo anapepesa, nasonkhanitsa mapepala onse, nawatentha mayiyo akuona. Mkulu wa sukulu atamva, sanamudzudzule pa gulu. Anamuitanira mu ofesi namuuza kuti, "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu mudzachoka kuno m'mwezi wa Epulo, koma anthu aŵa adzatsala."

Tiyeni tione pamene panalakwika. Choyamba, anasandutsa ana kukhala amithenga a nkhani imene ikanaika ntchito za makolo awo pa ngozi. Chachiŵiri, anafuna mayina amene phunziro lake silinkawasoŵa. Chachitatu, analoŵa m'mudzi wa eni osagogoda. Atayambanso, anatsata njira ina. Mkulu wa sukulu anamuperekeza kwa a mfumu ndi kwa a komiti ya sukulu, kumene anafotokoza cholinga chake. Analemba kalata yopita ku ofesi ya esiteti yopempha kuona fakitale, ndipo anamulola. Ankacheza ndi okhawo amene avomera, m'makomo mwawo, Lamulungu masana. M'kope ankangolemba kuti "mayi wothyola tiyi", "bambo wa m'fakitale", "mlimi wa munda wake", osatchula dzina.

Kutsata Tsamba

Malangizo amene ndinamupatsa pa ulendo wanga woyamba anali akuti atsate tsamba limodzi kuchokera pa mtengo mpaka m'kapu, ndipo pa malo alionse afunse kuti, "Akugwira ntchito pano ndani, nanga ndalama zikuloŵa kapena kutuluka bwanji?" Nazi zimene anapeza, poona ndi maso ndiponso poŵerenga.

Tiyi anayesedwa koyamba ku Mishoni ya Blantyre cha m'ma 1880, ndipo mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje, kumene mbewuyi inapeza mvula yokwanira. Masiku ano tiyi wambiri ali ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo wina ali ku Nkhata Bay. Zaka zambiri dziko lathu limakolola makilogalamu pakati pa 40 miliyoni ndi 50 miliyoni a tiyi wouma, ndipo pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 amagulitsidwa kunja. Pa nyengo yothyola kwambiri, minda ya tiyi imalemba anthu pafupifupi 50,000.

Wothyola amabudula nsonga ya nthambi, masamba aŵiri ndi kamphukira, naponya m'dengu limene wabereka kumsana. Masambawo amayezedwa pa sikelo, kalaliki nalemba kulemera kwake. Ku fakitale amayalidwa kuti afote, kenaka makina amawadula ndi kuwaphwanya, ndipo amasiyidwa pa mpweya kufikira atasanduka ofiirira. Akatero amaumitsidwa ndi mpweya wotentha, n'chifukwa chake pafupi ndi minda ya tiyi mumaona nkhalango za bulugama zopezerako nkhuni. Potsiriza amasefedwa monga mwa kukula kwa tizidutswa, nathiridwa m'matumba. Pamafunika makilogalamu pafupifupi 4 ndi theka a masamba aaŵisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma.

Apa wophunzira wathu anazindikira chinthu chimene sakanachipeza pa bolodi. Kwawo ku Dowa mlimi amatha kusunga fodya wake m'chigafa kwa masabata angapo. Tsamba la tiyi silidikira: likathyoledwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, apo ayi limawonongeka. Motero mlimi wamng'ono wa tiyi, wa mtundu uja umene boma linayamba kulimbikitsa pokhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, sangayendeyende kufunafuna mtengo wabwino. Amagulitsa ku fakitale imene ili pafupi. Ichi ndicho chifukwa chake alimi otere amadalira kwambiri mabungwe awo pokambirana za mitengo.

Tiyi wouma wina amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe sabata ndi sabata, ndipo gawo lalikulu limagulitsidwa mwachindunji kwa ogula akunja. Kale wambiri ankapita ku okushoni ya ku London, imene inatsekedwa mu 1998. Mtengo umatchulidwa m'madola a ku America. Poti dziko lathu lilibe gombe la nyanja yaikulu, matumbawo amayenda ulendo wautali kukafika ku madoko a Beira, Nacala kapena Durban, ndipo ulendowo umadya ndalama. Maiko amene amagula kwambiri ndi South Africa, Britain ndi America. Kumeneko tiyi wathu amakondedwa chifukwa cha kufiira kwake, ndipo amasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena asanaikidwe m'mapaketi. Pa paketiyo kaŵirikaŵiri dzina la Malaŵi silioneka.

Mfundo ziŵiri zimathandiza kumvetsa chifukwa chake mtengo suli m'manja mwathu. Yoyamba ndi yakuti Kenya yekha amakolola makilogalamu oposa 500 miliyoni pa chaka, kuchulukitsa athu kakhumi, ndipo okushoni ya ku Mombasa ndiyo imatsogolera mitengo m'chigawo chino cha Africa. Yachiŵiri ndi yakuti ife tili ndi nyengo imodzi ya mvula, kotero tiyi wathu wambiri amathyoledwa pakati pa Disembala ndi Meyi, nafika pa msika nthaŵi imodzi. Ku Kenya amathyola pafupifupi chaka chonse. Mvula yomweyo ndiyo imachititsa kuti ntchito zambiri za m'minda yathu zikhale za nyengo chabe, monga ananenera mayi uja pa khonde la kalasi.

Mayankho Atatu a Funso Limodzi

Chimene chinamusautsa kwambiri wophunzira wathu ndi nkhani ya malipiro. Anafunsa funso limodzi, "Wothyola tiyi amalandira zingati?", koma anapeza mayankho atatu osiyana. Poyamba anaganiza kuti wina akunama.

Mayi wothyola anamuuza ndalama zimene zimafika m'manja mwake atachotsa ngongole ndi masiku amene anadwala. Bambo wa mu ofesi anatchula malipiro a tsiku, nawonjezerapo ndalama za makilogalamu opitirira mgwazo, ndiponso mtengo wa zinthu zimene esiteti imapereka, monga chakudya cha masana, nyumba kwa ena, ndi chithandizo cha ku chipatala. Lipoti limene anaŵerenga pa intaneti linatchula malipirowo m'madola, ndipo linalembedwa zaka zingapo m'mbuyomo.

Titakhala pansi ndi kope lake, tinaona kuti panalibe wonama. Aliyense ankayankha funso lake. Mayiyo ankanena za zimene angagulire chimanga. Wa mu ofesi ankanena za zimene kampani imawononga pa wantchito mmodzi. Lipotilo linkanena za nthaŵi imene kwacha inali ndi mphamvu ina. Tikumbukire kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023, miyezi iŵiri yokha wophunzira wathu asanafike ku Mulanje. Zikatero, wogulitsa tiyi m'madola amapeza makwacha ambiri, ngakhale kuti feteleza, mafuta ndi zitsulo za makina zimene amagula kunja zimakweranso. Wantchito amalandira makwacha, ndipo sopo, mchere ndi chimanga zimakwera msanga malipiro ake asanakonzedwe.

Kuchokera pamenepo wophunzira wathu anadziikira lamulo, ndipo ndikufuna kuti inunso mulisunge. Chiŵerengero chilichonse tichifunse mafunso anayi: wachinena ndani, anachinena liti, chikuŵerengera chiyani, ndipo chasiya chiyani? Chiŵerengero chimene sichingayankhe mafunso ameneŵa chisakwere pa bolodi.

Anaphunziranso kusiyanitsa mawu aŵiri. Alipo malipiro otsikitsitsa amene boma limalamula kuti wolemba ntchito asatsikirepo. Aliponso malipiro okwanira moyo, ndiwo ndalama zimene banja lingapezere chakudya chabwino, nyumba, zovala, mankhwala ndi maphunziro a ana, n'kutsalako pang'ono za tsiku la mavuto. Kampani ikhoza kutsata lamulo la boma koma antchito ake n'kukhalabe mu umphaŵi. Lipoti la Oxfam ndi Ethical Tea Partnership la mu 2013 linaonetsa kuti umu ndi mmene zinalili m'minda ya tiyi ya ku Malaŵi. Zotsatira zake, mu 2015 eni minda, ogula akunja ndi mabungwe ena anayambitsa ntchito yotchedwa Malawi Tea 2020, yofuna kuti antchito afike pa malipiro okwanira moyo pofika 2020. Mu 2016 bungwe la eni minda, Tea Association of Malawi, linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi bungwe la antchito, Plantation and Agriculture Workers Union. Malipiro anakwera ndipo chakudya cha masana chinakonzedwa, koma pamene ntchitoyo inkatha mu 2020 cholinga chachikulucho chinali chisanafikidwe. Mphunzitsi woona mtima ayenera kuuza ana mbali zonse ziŵiri: kuti zinthu zinasintha anthu atakambirana, ndiponso kuti ulendo sunathe.

Ana Ojomba

Panali chinthu china chimene wophunzira wathu anali ataweruza kale asanafufuze. Ataona kuti ana ambiri akujomba m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, analemba m'kope kuti ana akugwira ntchito ku esiteti. Ndinamufunsa kuti, "Mwawaona, kapena mwangoganiza?" Anavomera kuti wangoganiza.

Lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limaletsa kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yowononga thanzi kapena maphunziro ake. Atayendera makomo a ana ojombawo pamodzi ndi amayi a gulu loona za ana pa sukulupo, anapeza kuti palibe mmodzi mwa ana a m'kalasi yake amene analembedwa ku esiteti. Ena ankalera azing'ono awo poti mayi amalaŵirira ku munda m'bandakucha. Ena ankachita ganyu yopalira m'minda ya chimanga. Ena ankathandiza makolo m'minda yawo ing'onoing'ono ya tiyi. Ena ankangokhala chifukwa cha njala, pakuti miyezi yothyola kwambiri ndiyo yomwenso chimanga chimasoŵa ndi kukwera mtengo. Tiyi anali m'kati mwa nkhaniyi ndithu, koma mwa njira ina yosiyana ndi imene iye ankaganiza. Akanaima pa bolodi ndi kunena zimene anangoganiza, akanaphunzitsa bodza, ndipo vuto lenileni la anawo likanatsala osalikhudza.

Ziliponso nkhani zina zimene wofufuza amamva koma si za m'kalasi. Nkhanza kwa amayi m'minda ya tiyi ndi nkhani imene inafika mpaka ku makhoti a ku Britain, ndipo mu 2021 kampani ina ya kumeneko inagwirizana zolipira amayi 36 a kuno, ngakhale sinavomere mlandu. Munthu akakuuzani zotere, makamaka mwana, musazisandutse chitsanzo cha phunziro ndipo musazikwirire. Dziŵitsani mkulu wa sukulu, kuti nkhaniyo ifike kwa ogwira ntchito yoteteza ana kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

Kwa Agogo

A mfumu anamulozera kwa gogo wina wa zaka zoposa 80. Mphunzitsiyo anapita ndi kapaketi ka shuga, nakhala pansi pa mphasa, nati, "Agogo, ndabwera kuti mundiphunzitse. Ana amene ndikuwaphunzitsa ndi zidzukulu zanu, ndipo ine ndine mlendo."

Gogoyo anasimba kuti makolo ake, Alomwe, anachokera kutsidya la Ruo, ku Mozambique, kuthaŵa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza kuti malo ambiri achonde ali kale m'manja mwa azungu, ndipo anawalola kumanga nyumba malinga azigwira thangata. "Mwana wanga," anatero, "thangata kwathu kunali kuthandizana kulima, wina n'kuphika moŵa. Koma thangata la pa esiteti linali lendi. Bambo anga ankasiya munda wawo nthaŵi ya dzinja, nthaŵi yomwe chimanga chikufuna khasu." Zaka sankazitchula ndi manambala. Ankati "njala yaikulu isanagwe", kapena "ufulu utatsala pang'ono".

Ntchito ya mphunzitsiyo inali kuika nkhani ya gogoyo pambali pa zolembedwa. Njala yaikuluyo ndi ya mu 1949. Lamulo la mu 1928 linalola kuti okhala pa malo a esiteti alipire lendi ndi ndalama, ndi mbewu, kapena ndi ntchito. Mu 1933 maiko aakulu olima tiyi, India, Ceylon ndi zilumba zimene lero ndi Indonesia, anapangana zochepetsa tiyi wotumiza kunja. Mitengo inakwera, minda ya ku Nyasaland inapindula, ndipo kufunika kwa antchito kunakula. Mu 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene gwero lake lina linali malo ndi thangata, ndipo anthu anafa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, zaka ziŵiri dziko lisanalandire ufulu. Buku linapereka zaka, gogoyo anapereka kulemera kwa zakazo. Mbiri imeneyi inamuthandizanso kumvetsa chifukwa chake mabanja a ku Mulanje ndi Thyolo ali ndi timinda tochepa kwambiri, kotero kuti ambiri alibe kwina kopezera ndalama koposa ku esiteti.

Phunziro Lobwereza

Pa ulendo wanga wachiŵiri ndinaonerera phunziro lake, limene linatenga mapiriyodi aŵiri. Zipangizo zinali izi: kanthambi ka tiyi kamene anapempha ku esiteti, tiyi wouma pa mbale, paketi yopanda kanthu, mapu a kum'mwera kwa Africa, timakadi 8, ndi nyemba 100.

Poyamba anakweza kanthambiko nafunsa kuti, "Ndani angandionetse pothyola?" Mikono inakwera pafupifupi yonse, ngakhale ya ana amene sayankha masiku onse. Anawalola kuti amuphunzitse iye.

Kenaka anapereka masamu. "Tiyerekeze kuti munthu wathyola makilogalamu 45 a masamba. Ngati makilogalamu 4 ndi theka amapereka kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, tipeza makilogalamu angati? Ngati kapu imodzi imafuna magalamu 2 ndi theka, anthu angati adzamwa?" Ana anapeza makilogalamu 10, ndi makapu 4,000. M'kalasi munali phokoso la kudabwa.

Chachitatu, ana 8 anaima pa mzere, aliyense ndi kadi: wothyola, wa m'fakitale, mwini esiteti, wogula tiyi, woyendetsa lole, wa sitima ya pamadzi, wosakaniza ndi kupakira, ndi wa sitolo. Paketi inayenda m'manja mwawo pamene mwana wina ankaloza njira yake pa mapu. Magulu anapatsidwa nyemba zija kuti ziimire mtengo wa paketi m'sitolo ya kunja, ndipo anauzidwa kuti azigaŵe kaŵiri: monga momwe akuganizira kuti zimagaŵidwira, ndi monga momwe akuonera kuti n'koyenera. Gulu lililonse linayenera kupereka zifukwa. Wogwira kadi ya mwini esiteti anakumbutsa anzake za feteleza ndi nkhuni. Wogwira kadi ya wothyola anayankha kuti popanda iye enawo alibe chonyamula. Mphunzitsiyo anafotokoza kuti gawo lalikulu la mtengo wa m'sitolo limatsalira kumene tiyi amasakanizidwa, kupakidwa ndi kugulitsidwa, ndipo la wothyola ndi lochepa kwambiri. Anawafunsa kuti aganizire zimene zingasinthe chigaŵocho. Ana anatchula kupakira tiyi konkuno, kubzala mitundu yabwino monga imene amafufuza ku Mimosa, kuthirira m'chilimwe, ndi kukambirana kudzera m'mabungwe.

Potsiriza anatembenukira kwa mtsikana uja. "Tsiku lija unandifunsa funso labwino, ndipo ine ndinalakwa kukukhazika pansi. Madola amaloŵa kwa ogulitsa tiyi kudzera ku banki. Ena amagulira zinthu zakunja, ena amasinthidwa kukhala makwacha, ndipo mwa makwachawo ndi mmene mumachokera malipiro a amayi ako. Ngati malipirowo ali okwanira, limenelo ndi funso limene akuluakulu akukambiranabe, ndipo iwe uli ndi ufulu wolifunsa." M'phunziro lonselo sanatchule dzina la kholo, la kapitawo, kapena la esiteti.

Pokambirana pambuyo pake ndinamuuza zofooka ziŵiri. Nthaŵi ya magulu inatalika, mwakuti ana sanalembe chidule m'makope. Ndiponso mbiri ya thangata anangoithamangira m'mphindi zitatu, pamene inayenera phunziro lakelake, mwina gogo uja ataitanidwa.

Zoti Tisunge

Funso la mwana limene simungathe kuyankha ndi chiyambi cha kukonzekera kwanu. Nenani poyera kuti mukafufuza, ndipo mukwaniritse lonjezolo.

Loŵani m'dera kudzera kwa mkulu wa sukulu, a komiti ndi a mfumu. Fotokozani cholinga chanu, ndipo amene wakana musamukakamize.

Musalembe dzina limene phunziro lanu silikulisoŵa, ndipo musatume ana kukatola nkhani zimene zingavulaze makolo awo.

Imvani mbali zonse: wantchito, wolemba ntchito, mlimi wamng'ono, okalamba, ndi zolembedwa. Zikasiyana, funsani chifukwa chake musanaweruze.

Siyanitsani m'kope lanu zimene mwaona, zimene mwauzidwa, ndi zimene mwangoganiza.

Kumbukirani kuti m'kalasi imodzi mwakhala mwana wa wothyola, wa kapitawo ndi wa kalaliki. Phunziro lisachititse manyazi aliyense wa iwo, komanso lisabise choona.

Mafunso ndi Ntchito

1. Fotokozani zolakwa zitatu za pepala la mafunso loyamba lija. Lembaninso mafunso asanu amene mwana wa Sitandade 7 angafunse kwawo popanda kuika kholo pa vuto.

2. Chifukwa chiyani mlimi wamng'ono wa tiyi ali ndi mphamvu zochepa pa mtengo kuyerekeza ndi mlimi wa mbewu yosungika monga mtedza?

3. Siyanitsani malipiro otsikitsitsa a boma ndi malipiro okwanira moyo m'mawu amene mwana wa zaka 12 angamve.

4. Sankhani mbewu kapena malonda a kwanu, monga fodya, nzimbe, thonje kapena usipa. Tsatani ulendo wake kuchokera kwa woyamba kugwira ntchito mpaka kwa wogula wotsiriza, ndipo konzani timakadi ta phunziro lanu.

5. M'magulu a anthu anayi, kambiranani zimene mungachite ngati mkulu wa sukulu atakuuzani kuti mutu wotere ndi wovuta ndipo mungophunzitsa za m'buku. Bweretsani maganizo anu pa phunziro lathu lotsatira.